Bambo Womupeza Akagwirira Mwana: Mlandu Umayenda Bwanji Mpaka Kukhoti?

M'midzi yozungulira nyanja ya Chiuta, kwa Ngokwe, kwa Chikweo, mpaka ku Nayuchi kumalire ndi Mozambique, si chachilendo kupeza bambo akulera ana amene anawapeza. Kuno ukwati ndi wachikamwini. Banja likatha, kapena bambo akamwalira, kapena akalowera ku Joni osabweranso, ana amatsala ndi mayi awo pamudzi. Mwamuna wina akabwera kudzakwatira amawapeza anawo ali pomwepo. Abambo ambiri otere amalera bwino. Amalima, amapita kunyanja, amagula makope ndi yunifolomu, ndipo amakwaniritsa mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amenewa tiyenera kuwathokoza.

Koma alipo ena amene amasandutsa mwana womupeza kukhala mkazi wachiwiri m'nyumba. Kafukufuku amene boma linachita mu 2013 pa za nkhanza zochitikira ana anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse, anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwane zaka 18. Ana amenewa ali m'midzi mwathu, m'sukulu zathu, ndipo ena amakhala nafe pabenchi limodzi tsiku la Sabata.

Ife amene timathandiza pa zaumoyo mumpingo timaona kuti makolo ambiri amaopa khoti chifukwa sadziwa mmene limagwirira ntchito. Choyamba choti tidziwe ndi ichi: mlandu wogona ndi mwana si wa banja, ndi wa boma. Koma khoti limaweruza potengera umboni, ndipo umboniwo umasungidwa kapena kutayika pakhomo, m'masiku oyambirira, m'manja mwa mayi, agogo, amalume ndi anthu oyandikana nawo.

Lamulo likuti chiyani?

Gawo 138 la malamulo a milandu ya upandu limaletsa kugona ndi mwana, ndipo chilango chachikulu kwambiri ndi kukhala kundende moyo wonse. Kale lamuloli linkateteza atsikana osakwana zaka 13 okha. Mu 2011 zakazo zinakwera kufika pa 16. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo kuyambira mu 2023 gawo 138 nalonso linafika pa zaka 18.

Pali mfundo zitatu zimene anthu amasokoneza kawirikawiri. Yoyamba, munthu wamkulu sangadziteteze ponena kuti mwanayo analola, kapena kuti ankalandira ndalama, sopo ndi zovala. Pamaso pa lamulo, mwana sangavomereze kugonana ndi munthu wamkulu. Yachiwiri, kutha msinkhu, kuvinidwa kapena kukula thupi sikumupanga mwana kukhala wamkulu. Khoti limawerenga zaka. Yachitatu, kunena kuti "si mwana wanga wobereka" sikuchepetsa mlandu. Lamulo la kugonana pachibale limanena za achibale a magazi, n'chifukwa chake bambo womupeza kawirikawiri amazengedwa pa gawo 138. Palinso gawo 159A lomwe limatchula mwachindunji mwana womupeza kapena mwana aliyense amene munthu akumulera pakhomo pake.

Kugwiragwira mwana malo obisika, kumuuza kuti akugwireni, kapena kumuonetsa zithunzi zolaula, yonseyi ndi milandu. Mwana wamwamuna nayenso amatetezedwa, ndipo mayi womupeza akhoza kumangidwa chimodzimodzi. Kwa ife owerenga Baibulo izi si zatsopano. Levitiko 18:17 analetsa kalekale kuti mwamuna agone ndi mkazi komanso mwana wa mkaziyo.

Maola 72 oyambirira

Mwana amene akuzunzidwa ndi bambo womupeza saulula msanga. Amauzidwa kuti akaulula aphedwa, kapena kuti amayi ake asiyidwa ukwati ndipo onse afa ndi njala. Ena amayamba kukodza pogona, kukana kutsala pakhomo amayi akapita kumunda kapena kuchigayo, kuyenda movutika, kulephera m'kalasi, kapena kungokhala duu. Nthawi zina zimadziwika mimba ikaoneka.

Mwana akakuuzani, mverani modekha. Musamukalipire, musamumenye, ndipo musamufunse kuti anali kuti masiku onsewa. Muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo iye sanalakwe. Musamuikire mawu m'kamwa. Musiyeni afotokoze m'mawu akeake, ndipo sungani m'mutu kapena papepala zimene wanena, tsiku lake ndi nthawi yake. Munthu woyamba kuuzidwa amadzakhala mboni yofunika kukhoti.

Kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP, oteteza kuti kachilombo ka HIV kasakhazikike m'thupi, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa kwa mwezi wathunthu osadumphitsa. Aliponso mankhwala oteteza mimba ndi ochiza matenda opatsirana pogonana. Musataye tsiku podikira ankhoswe kapena amfumu. Ngati zangochitika kumene, mwana asasambe kaye. Zovala zimene anavala ndi chofunda musachape. Zikulungeni m'pepala kapena m'nsalu yoyera, osati m'jumbo, chifukwa chinyezi chimawononga umboni.

Yambani ndi chipatala cha boma chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Ngokwe, ku Chikweo, ku Nayuchi kapena ku Ntaja. Kukafunika, adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde, ndipo a ku Balaka ali ndi chipatala chawo cha pa boma. Pa zipatala zazikulu monga cha Zomba ndi cha Queen Elizabeth ku Blantyre pali malo otchedwa Chikwanekwane, pomwe dokotala, wapolisi, mlangizi ndi wa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu amathandizira mwana pamalo amodzi. Ngakhale maola 72 atadutsa, kaya papita miyezi, pitanibe. Mlandu wotere suwola. Ndipo dokotala akapanda kupeza mabala, sizitanthauza kuti mwana wanama, makamaka ngati nkhanzazo zakhala zikuchitika kwa nthawi yaitali.

Amene simukudziwa poyambira, imbani 116. Iyi ndi nambala yaulere ya Tithandizane yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO la ku Zomba. Palinso 5600 ya nkhanza za m'banja.

Kupolisi

Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit. Kumeneko amalemba mawu a mwana, a amene anauzidwa koyamba ndi a mboni zina, ndipo amatenga lipoti la kuchipatala. Tengani chilichonse chosonyeza zaka za mwana: chiphaso cha kubadwa, buku la kusikelo, kapena kalata ya kusukulu. Zaka za mwana ndi msana wa mlanduwu, ndipo woimira boma ayenera kuzitsimikizira pamaso pa khoti.

Kuno ku Chiuta kuchedwa kuli ndi vuto linanso. Mozambique ndi tsidya lomweli. Munthu akamva kuti nkhani yake ikukambidwa kwa ankhoswe, n'kosavuta kukwera bwato kapena njinga usiku, mawa lake n'kumveka kuti wawoloka. Musamuchenjeze, komanso musamumenye kapena kumuotchera nyumba. Kulanga munthu ndi manja anu ndi mlandu, ndipo kumasokoneza mlandu wa mwana.

Munthu akamangidwa, malamulo oyendetsera dziko amati akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ali ndi ufulu wopempha belo, ndipo amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Apa m'pamene anthu ambiri amakhumudwa n'kuyamba kunena kuti apolisi adya ndalama. Belo si kumasulidwa pa mlandu. Koma pa nkhani ya bambo womupeza pali choopsa chenicheni, chifukwa kwawo kumene angabwerere ndi nyumba yomweyo imene muli mwana. Uzani woimira boma za zimenezi belo isanakambidwe. Khoti likhoza kukana belo ngati pali mantha akuti munthuyo athawa kapena aopseza mboni, ndipo likhozanso kumulamula kuti asayandikire mwanayo. Akaphwanya lamulolo, kaneneni msanga.

Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limapatsa mphamvu apolisi ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuchotsa mwana pamalo oopsa n'kukamusunga pabwino, ndipo bwalo la milandu ya ana ndi limene limagamula za kumene akakhale. Lamulo lomweli limati wachibale kapena munthu wa m'dera amene akudziwa kuti mwana akugwiriridwa ayenera kukanena. Kukhala chete nakonso ndi mlandu.

Mwana akaima pamaso pa majisitireti

Milandu yambiri yotere imazengedwa m'mabwalo a majisitireti, monga la ku Liwonde ndi la ku Balaka. Banja silifunika kulemba loya. Woimira boma, amene nthawi zambiri amakhala wapolisi wophunzitsidwa ntchitoyi, ndi amene amayendetsa mlandu. Mwana ndi mayi ake amabwera ngati mboni. Wolankhula Chiyao kapena Chichewa asade nkhawa, pamakhala womasulira.

Woimbidwa mlandu akavomera, woimira boma amawerenga mmene zinachitikira, n'kupereka lipoti la kuchipatala, ndipo mlandu umatha msanga mwana osafunikanso kufotokoza. Akakana, mboni zimaitanidwa imodziimodzi.

Makolo ambiri amaopa kuti mwana wawo akachititsidwa manyazi pagulu. Gawo 71A la malamulo a kazengedwe ka milandu linaikidwa chifukwa cha nkhawa yomweyi. Khoti likhoza kutulutsa anthu onse osakhudzidwa, likhoza kuika chotchinga kuti mwana asaonane maso ndi maso ndi amene anamuzunza, ndipo likhoza kulola munthu amene mwanayo amamukhulupirira kukhala naye pafupi. Pemphani zimenezi kudzera mwa woimira boma tsiku la mlandu lisanafike.

Mwana wamng'ono asanayambe kufotokoza, majisitireti amamufunsa mafunso ochepa kuti aone ngati akudziwa kusiyana kwa zoona ndi bodza, komanso tanthauzo la kulumbira. Ngati sakumvetsa za lumbiro koma ndi wozindikira, amaloledwa kufotokoza osalumbira. Zikatero, lamulo limafuna umboni wina wothandizira mawu akewo khoti lisanapeze munthu wolakwa. Apa m'pamene lipoti la kuchipatala, chovala chija chosachapa, ndi mawu a agogo kapena aphunzitsi amene anaona kanthu amagwira ntchito yaikulu.

Woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wofunsa mboni mafunso. Kawirikawiri amanena kuti mwanayo wachita kuphunzitsidwa ndi amayi ake chifukwa cha mkangano wa m'banja, kapena kuti amadana naye poti si bambo ake. N'chifukwa chake musamuloweze mwana zoti akanene. Muuzeni kuti akanene zimene zinachitika basi, ndipo chimene waiwala anene kuti waiwala. Khoti limadziwa kuti mwana akhoza kusokoneza masiku, koma mawu oloweza amaonekera.

Milandu imaimitsidwaimitsidwa. Kuchokera kunyanja kukafika ku Liwonde ndi ulendo wa ndalama, ndipo nthawi ya dzinja misewu imavuta. Mboni zikatopa n'kusiya kubwera, mlandu umafooka, mwinanso kuthetsedwa. Achibale ndi mpingo angathandize kwambiri pongosonkha ya thiransipoti ndi kuperekeza.

Chilango chimagamulidwa bwanji?

Majisitireti wa giredi yoyamba angapereke chilango chosapitirira zaka 14. Majisitireti wamkulu, amene anaphunzira zamalamulo mpaka ku yunivesite, angafike zaka 21. Akaona kuti mlanduwo ukuyenera chilango choposa mphamvu zake, amautumiza ku Bwalo Lalikulu kuti likapereke chilangocho. Bwalo Lalikulu limaunikanso zigamulo za majisitireti, ndipo milandu ya ku Machinga ndi Balaka imapita ku Zomba.

Zilango zakhala zikukwera. Mu 2013 Jaji Dunstain Mwaungulu ananena kuti pa mlandu wogona ndi mwana, woweruza aziyambira kuganizira pa zaka 14, kenako n'kukweza kapena kutsitsa malinga ndi mmene zinachitikira. Patapita zaka zingapo, bambo wina amene anagona ndi mwana wa zaka 10 anachita apilo mu 2020 podandaula ndi chilango cha zaka 14. Jaji Redson Kapindu wa Bwalo Lalikulu ku Zomba anachikweza kufika pa zaka 40.

Poganizira chilango, khoti limaona msinkhu wa mwana, kusiyana kwa zaka pakati pa awiriwo, kangati zinachitika, ngati panali kuopseza, ngati mwana wavulala, watenga mimba kapena matenda. Chinanso chimene chimalemeretsa mlandu ndi kuphwanya chikhulupiriro. Mlendo wokumana naye kuthengo mwana akhoza kumuthawa. Koma bambo womupeza amagona nyumba yomweyo, mwana amamutcha "ababa", amamutengera madzi kubafa, ndipo ndi amene anayenera kumuteteza. Choncho ubambo umene munthuyo amaganiza kuti umuthandiza ndi umene umamuonjezera zaka.

Wopezeka wolakwa amapatsidwa mwayi wopempha kuti chilango chichepe. Ena amati n'koyamba kulakwa, ena amati ali ndi ana oti awasamale, ena amati Satana anawanyenga, ena amaloza mowa kapena sing'anga amene anawauza kuti akatero alemera. Kuvomera msanga ndi kusakhala ndi mbiri ya milandu khoti limaziganizira ndithu, koma pa mlandu waukulu chonchi sizichotsa ndende. Zonena za Satana, mowa ndi zizimba sizimupulumutsa munthu.

Mayi ali pakati

Munthu amene amasenza katundu wolemera pa mlanduwu, kupatula mwanayo, ndi mayi. Mbali ina kuli mwana amene anamubereka. Mbali ina kuli mwamuna amene amabweretsa ndiwo, amenenso mwina wabereka naye ana ena aang'ono. Akuchimuna amabwera kudzapepesa ndi ndalama. Akuchikazi ena amamufunsa kuti akamangitsa mwamuna adya chiyani. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo abambo ogwirira ana amadalira mwambi umenewu.

Amayi, dziwani kuti kuthetsa mlandu wotere sikuli m'manja mwanu. Ngakhale mutapita kupolisi kukanena kuti mwakhululuka, mlanduwo ndi wa boma. Kubisa mwana kwa achibale akutali kuti asakaperekere umboni, kumuuza kuti asinthe mawu, kapena kulandira ndalama kuti nkhani ife, kungakuikeni inunso m'mavuto ndi lamulo. Koma choposa lamulo ndi ichi: mwana amene waona amayi ake akusankha mwamuna m'malo mwa iye amakula ndi bala limene silipola msanga. Ndipo munthu amene wachita zimenezi n'kutetezedwa sasiya. Mng'ono wake wa mwanayo akukula m'nyumba momwemo.

Nkhawa ya chakudya ndi yeniyeni ndipo tisaipeputse. Pachikamwini munda ndi nyumba zili pamudzi pa mayi, ndipo apa m'pamene mwinimbumba ayenera kuonetsa umalume wake. Bambo womubereka mwanayo, ngati ali moyo, akadali ndi udindo womusamala ngakhale ukwati unatha, ndipo khoti likhoza kumulamula kupereka chithandizo. Lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limalolanso mayi kupempha khoti kuti limuteteze kwa mwamuna amene akumuopseza.

Amfumu, ankhoswe ndi mpingo

Amfumu ndi ankhoswe ali ndi ntchito yaikulu pa milandu ya malire a minda ndi mikangano ya m'banja. Koma kugona ndi mwana si mlandu wa mbuzi kapena nkhuku. Bwalo la mfumu lilibe mphamvu youzenga. Mfumu yanzeru ikamva nkhani yotere imaperekeza banjalo kupolisi.

N'chimodzimodzi ndi mpingo. Pamakhala chiyeso chofuna kuikamba nkhaniyo m'bodi, makamaka wochimwayo akakhala dikoni, mkulu wa mpingo kapena woimba kwaya wodziwika. Ena amatchula Mateyu 18 kuti abale azikambirana okha, n'kuiwala kuti mutu womwewo ndi umene uli ndi chenjezo loopsa kwa aliyense wolakwira ana aang'ono. Bodi ikhoza kuchotsa munthu paudindo kapena m'buku la mpingo, koma singagwire ntchito ya khoti. Kulapa ndi kukhululukidwa ndi nkhani ya munthu ndi Mulungu wake, ndipo wolapadi sathawa chilango cha mlandu wake. Mwana asakakamizidwe kugwirana chanza ndi womuzunza pamaso pa akulu kuti nkhani ithe.

Mpingo wathu padziko lonse unalankhulapo poyera mu 1997 kudzudzula kugwirira ana. Mu 2009 bungwe la ADRA ndi nthambi ya Utumiki wa Amayi anayambitsa ntchito ya enditnow, ndipo Sabata lachinayi la mwezi wa Ogasiti limapatulidwa kuti tikambe za nkhanza. Tsiku limeneli lisamangothera pa ndakatulo ndi nyimbo. Itanani wapolisi wa Victim Support Unit kapena namwino adzafotokoze. Aphunzitsi a Sukulu ya Sabata ya ana, atsogoleri a Adventurer ndi Pathfinder, ndi amayi a Dorika adziwe chochita mwana akawaululira. Nthawi zambiri mwana amene akuopa kuuza amayi ake amauza mphunzitsi amene amamukonda.

Mlandu ukatha

Chigamulo chikaperekedwa, anthu amabalalika, koma mwana amabwerera kumudzi komwe aliyense akudziwa. Ena amamuloza chala kuti ndi amene anamangitsa bambo ake. Musalole mawu amenewa pakhomo panu. Wamangitsa munthuyo ndi ntchito zake. Dzina la mwana kapena chithunzi chake musachitumize pa WhatsApp kapena pa Facebook, ngakhale popempha mapemphero.

Onetsetsani kuti wamaliza mankhwala ndipo wabwerera kuchipatala pa masiku amene anauzidwa kuti akayezedwenso. Apeze mlangizi woti azicheza naye, chifukwa maloto oipa, mantha ndi mkwiyo zimatenga nthawi. Abwerere kusukulu. Ngati anatenga mimba, ndondomeko ya boma imamulola kubwerera akabereka, ndipo amayi a mother group pasukulupo angathandize. Kumukwatitsa kuti manyazi achoke ndi mlandu winanso, chifukwa lamulo sililola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Nthawi zina khoti limamasula munthu chifukwa umboni wachepa. Zikatero sindiye kuti mwana ananama, ndipo musamubwezere m'nyumba imodzi ndi munthu amene akumuopa. Kambiranani ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu za kumene angakhale motetezeka.

Majisitireti wa ku Liwonde sangadziwe zimene zikuchitika m'nyumba ya kwa Ngokwe pokhapokha wina atanyamuka n'kukanena. Lembani nambala ya 116 pachikuto cha buku la kusikelo la mwana wanu. Madzulo ano mukatha kupembedza, auzeni ana onse, obereka ndi owapeza omwe, kuti palibe munthu amene ali ndi ufulu wogwira malo awo obisika, ngakhale amene amamutcha bambo, ndipo kuti akadzakuuzani mudzawakhulupirira.